Fomu Yachikasu ya a Petrakis

Ustaza Tahani, kapena tingoti Mayi Tahani, sankakhulupirira pepala loyera kwambiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ali pa ntchito mu ofesi yolandira akatswiri ochokera kunja pa yunivesite yathu yaing'ono ija ya mu Alexandria, zinamuphunzitsa kuti pepala loona limabwera lokwinyika, lodontheredwa tiyi, dzina la mwini wake litalakwika penapake. Lopanda banga ndiye ankalitembenuza kawiri, kuliyang'ana padzuwa, nthawi zina mpaka kulinunkhiza.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Katswiri aliyense wobwera kudzachita kafukufuku ankayenera kuonetsa inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo inshuwalansiyo inkayenera kukhala ndi mizere itatu: kulipira chipatala, kumunyamula pa ndege matenda akakula, ndiponso, zikavuta, kutumiza mtembo wake kwawo. Tahani akakhutira ankamenya chidindo, Dokotala Hoda, mkulu wa nthambiyo, n'kusaina osawerenga n'komwe, kalata n'kupita kwa a zolowa ndi zotuluka kuti mlendo apatsidwe chilolezo chokhala m'dziko. Popanda chidindo cha Tahani, ngakhale ukhale ndi madigiri odzaza sutikesi, unkakwera ndege yobwerera.

Panalinso fomu yachikasu, yopempha kuti munthu amasulidwe ku umodzi mwa mizere itatuyo. Imeneyi Tahani ankadana nayo kuchokera pansi pa mtima, ndipo chifukwa chinalipo. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo anadindira yachikasu bambo wina waulemu, womwetulira bwino, amene anati kwawo ali kale ndi inshuwalansi yokwanira. Bamboyo anagwera m'dzenje kokumba zinthu zakale n'kuthyoka msana, pepala lake n'kupezeka kuti linali lachinyengo. Akuluakulu anafunsa funso limodzi lokha: anadinda ndani? Tahani anakhala zaka ziwiri m'chipinda chapansi akusanja mafayilo akale limodzi ndi makoswe, ndipo chifuwa chimene anatenga kumeneko chinali chisanamusiye. Tsopano kunatsala miyezi isanu kuti apume pa ntchito, ndipo anali atalumbira kuti adzatuluka pakhomopo dzina lake lili loyera.

Lachiwiri limenelo kunali mvula ya kunyanja ija yobwera cham'mbali. Ustaz Ramzi, mnzake wa mu ofesi, munthu wa ku Cairo amene anamutumiza kuno zaka zinayi zapitazo koma sanalekebe kudandaula za chinyezi, anayamba kumuputa monga mwa masiku onse.

"Ustaza, mwabwera angati lero? Ndakumvani mukuuza wapageti kuti, 'Tachedwa, tinasowa tiramu.' Ndayang'ana kumbuyo kwanu, palibe munthu."

"Ayoo, Ramzi, tandisiye ndivule jekete!"

"Eya, ndi ameneyo ndimamudikira! Anthu a mu Alexandria inu. Munthu mmodzi, 'ife.' Mukadabwa, 'ayoo,' mukapsa, 'ayoo.' Tsiku lomaliza mngelo sadzavutika kukufunsani kwanu."

"Inu a ku Cairo adzakudziwani ndi fumbi la m'makutu."

Ali mkati moseka, pakhomo panaima mkulu wina wamtali, woonda, jekete lake likuoneka kuti linasokedwera munthu wonenepa kuposa iye. Anapinda ambulera yake mosamala, n'kupereka moni m'Chingerezi chapang'onopang'ono. Anali Pulofesa Manolis Petrakis wa ku Greece, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, amene anabwera kudzafufuza zitsime zakale za pansi pa mzinda kwa chaka chathunthu. Anaika envelopu pa desiki ndi manja awiri.

Tahani anayamba ndi munthu, mapepala pambuyo. Nsapato zodula. Maso achikasu pang'ono m'mbali. Kenako anatsegula envelopu, ndipo mtima wake unamuuza kuti pano pali kanthu. Mapepala anali oyera mbee, inshuwalansi ya chipatala yabwino kuposa ya Dokotala Hoda amene. Koma pansi pake panali fomu yachikasu.

"A Pulofesa, mzere wachitatu mulibe," anatero m'Chingerezi.

"Ndikudziwa, Madamu. N'chifukwa chake ndadzaza yachikasuyo."

"Kampani yanu yalemba kuti ndinu amene munapempha kuti auchotse. Mzere umenewu ndi wotchipa kuposa yonse. Anthu amathawa wa chipatala. Wotumiza mtembo sindinaonepo munthu akuuthawa."

"Ndiye kuti ndine woyamba."

"Pa chifukwa mwalemba kuti, 'Zanga.' Zanu zotani?"

"Zanga, Madamu."

Ananena mwaulemu, akumwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene kunamuipira Tahani, chifukwa bambo wa msana uja nayenso ankamwetulira chomwechi. Anayendetsa chala pa fomu mpaka chinaima pa mzere wina.

"Apa pa malo obadwira simunalembepo."

"Ndi pofunika?"

"Pakanakhala posafunika sakanajambulapo mzere."

"Pasipoti yanga ili kwa a zolowa ndi zotuluka. Zonse zili m'menemo."

"Ine ndilibe pasipoti. Ndili ndi fomu."

Mkuluyo sanatenge cholembera. Anangokumbutsa mofatsa kuti chitupa chimene analowera m'dziko chikutha, ndipo kalata yake iyenera kutuluka mu ofesimo pofika Lamlungu masana, apo ayi abwerera. Tahani anati akudziwa kuwerenga kalendala, abwerenso Lachinayi.

Atatuluka, Ramzi anatambasula manja. "Ustaza, musavutike. Mkuluyu ndi waumbombo basi. Anthu ophunzira kwambiri ndi mmene alili."

"Waumbombo wa nsapato zimene zija? Chikomekome cha mkuyu, Ramzi."

"Ndiye mukuti ndi kazitape? Abwera kudzaba zitsime zathu?"

"Sindinati kanthu. Ndikuti munthu saiwala kumene anabadwira."

Lachitatu lonse Tahani analithera pa foni. Anaimbira kampani ya inshuwalansi ku Athens, akuyembekeza kumva kuti munthu ameneyo sakumudziwa. Ankamudziwa. Anaimbira yunivesite imene mkuluyo anapumira ntchito. Anamuyamikira mpaka Tahani anatopa n'kudula. Chilichonse chinali choona, ndipo izi zinamukwiyitsa kwambiri, chifukwa bodza ukaligwira umagona tulo, koma chinthu choona chonunkha bodza chimakusowetsa mtendere.

Lachinayi mkuluyo anabwera nthawi yake. Ramzi, amene mtima wake ndi wabwino ngakhale pakamwa pake sipatsekeka, anamuthirira tiyi m'tambula yagalasi yopanda chogwirira, madzi atangophulidwa kumene. Mkuluyo anaigwira pakati m'malo mogwira kukamwa kwake.

"Ayoo!"

Tambula inatera pa desiki, tiyi n'kutayikira pang'ono. Mkuluyo anapukuta zala pa jekete, osayang'ana munthu, n'kunena m'Chingerezi kuti pepani, watentha. Tahani anamuuza kuti nkhani yake ikuunikidwabe, abwere Lamlungu m'mawa. Koma mkuluyo atafika pakhomo, Tahani analankhula motsitsa mawu, m'Chiarabu, maso ali pa mafayilo ngati akudzilankhulira yekha.

"Ambulera mwaisiya, bambo."

Dzanja la mkuluyo linabwerera lokha kumpando. Linaima m'malere kanthawi, lochita manyazi, kenako linatenga ambulera, mwini wake n'kutuluka.

"Mwina 'ayoo' uja anamumva kwa woyendetsa takisi," anatero Ramzi, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Wa m'takisi ndi wina. Uyu wamukoka ngati mmene ankamukokera mayi anga. Ana amasiku ano satha kumutchula chonchi." Tahani anatseka fayilo. "Munthu uyu ndi wakuno, Ramzi. Wabadwira kuno, ndipo akubisa."

"Ndiye vuto lili pati? Agiriki analipo ambiri kale."

Vuto Tahani ankalidziwa, koma sanamuuze Ramzi. Iye ankakhala ku Ibrahimiya, m'nyumba ya pansanja yachitatu imene bambo ake analowamo Agiriki ena atangochoka, iye asanabadwe. Lendi yake inali yakale ija, ndipo masiku amenewo nkhani za nyumba zoterezi zinali m'kamwam'kamwa. Aliyense ankadziwa winawake amene anagogoderedwa ndi mdzukulu wa mwini nyumba, loya ali pambali, mapepala achikasu ndi ukalamba ali m'manja. Munthu wobisa kumene anabadwira, wonamizira kuti samva chinenero chathu, wofuna chaka chathunthu mumzinda muno, angafunenso chiyani? Za zitsimezo Tahani anaziona ngati chophimba m'maso.

Lachisanu m'mawa mvula inakata. Tahani anatuluka pakhonde lam'mwamba kukayanika zovala, ndipo atangokutumula nsalu yoyamba anamuona mkulu uja. Anali tsidya lina la msewu, pafupi ndi wogulitsa buledi, jekete lija likulendewera. Nkhope inali m'mwamba. Ankaloza ndi chala, akuwerenga mazenera, kuyambira pansi kukwera, n'kubwerezanso.

Kwa Tahani mantha anabwera poyamba, mkwiyo pambuyo. M'nyumba imeneyi ndi mmene anabadwira, mmene analirira maliro a makolo ake onse awiri ndi a mwamuna wake. Anasiya zovala m'beseni, n'kudziponyera mpango kumutu, n'kutsika masitepe ndi masilipasi a m'nyumba. Pofika pansi mkuluyo anali atayamba kale kulowera kokwerera tiramu, sitima ya m'misewu ija.

Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wa chifuwa ndi mawondo odandaula, kulondola pulofesa ngati wapolisi wa m'kanema! Iye mwini anadziona kupusa kwake, koma sanabwerere. Anakwera chipinda cha amayi, n'kumasuzumira pazenera pa siteshoni iliyonse. Ankayembekeza kuti mkuluyo akatsikira kufupi ndi maofesi a maloya, ngakhale kuno Lachisanu ndi tsiku lopuma. Anatsikira pa Shatby. Anayenda m'mbali mwa mpanda wautali, akupuma kawirikawiri, n'kulowa pageti la manda a Agiriki.

Tahani anaima pagetipo. Chibadwire anali asanalowemo, ngakhale ankadutsapo tsiku ndi tsiku. Anapereka moni kwa akufa monga timachitira pa manda alionse, n'kulowa.

Anamupeza kumapeto, pansi pa mtengo, atakhala m'mphepete mwa mwala wa manda ena, akuzula udzu ndi zala zake zoondazo. Tahani sanafune zozungulira. Analankhula m'Chiarabu, mokweza kuposa mmene malowo amafunira.

"Nyumba ija simuipeza, khawaga, mzungu inu. Bambo anga analowa ndi mapepala, ndipo mapepalawo ndili nawo. Bweretsani maloya khumi."

Mkuluyo anatukula mutu. Sanadabwe kwambiri. Anaoneka ngati munthu amene wasenza katundu mtunda wautali, wina n'kumuuza kuti tula.

"Ife sitikufuna nyumba ya munthu, Ustaza," anayankha. Chiarabu chake chinali chakale, cha mawu amene Tahani anawamva komaliza ali mwana. "Sitimadziwa n'komwe kuti mumakhala pamenepo. Yathu inali yoyandikana nayo, pamene pali chinyumba chachitali cha sitolo ya mafoni chija. Anaigwetsa. Timangowerenga kuti zenera lathu likanakhala pati."

"Inu ndi ndani? Mwabwera angati?"

"Ndekha." Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Pepani. Ndi mmene tinkalankhulira."

Tahani anayang'ana mwalawo. Zilembo zake sankatha kuziwerenga, koma zaka anaziwerenga. Mwini mandawo anafa ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

"Mayi anga, Evanthia," anatero mkuluyo. "Anamwalira m'nyengo yozizira, ife n'kukwera sitima yapamadzi chilimwe chotsatira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anati tidzabwera kudzatenga mafupa awo zinthu zikakhazikika. Zinthu sizinakhazikike. Kuno ankanditcha khawaga, nditafika uko ana a kusukulu ankanditcha Mwiguputo. Ndinaleka kulankhula Chiarabu kuti asiye kundimenya." Anasisita mbali ya mwala imene inalibe zilembo. "Mukuona apa? Malo a anthu awiri. Anali a bambo, koma iwo anagona ku Piraeus, uko ku Greece."

Tahani anamvetsa, koma kukayikira ndi ntchito imene anaigwira zaka zambiri, sikanatha kuisiya pa mphindi imodzi.

"Mukudwala," anatero. Silinali funso.

"Kapamba. Madokotala akuti mvula ya chaka chamawa sindidzaiona. Chipatala musade nacho nkhawa, inshuwalansi ikudziwa za matendawa ndipo idzalipira. Munaimba, si choncho? Anandiuza kuti kunaimba mayi wina waukali."

"Nanga bwanji osangonena? Kundivutitsa masiku onsewa, ine kumaimba mafoni ngati wamisala?"

"Ustaza, ndi yunivesite iti imene imaitana katswiri kuti adzafe? Ndikanalemba pa mzere uja kuti Alexandria, mukanafunsa funso lachiwiri, kenako lachitatu. Kafukufukuyo ndi woona. Zitsime zimenezo ndaziwerenga m'mabuku moyo wanga wonse, ndipo ndidzatsikamo mpaka miyendo itakana. Koma ndinganame nditati ndadzera zitsime zokha."

"Ndiye siyani mzerewo ukhalepo. Muuze abale anu kuti akuikeni kuno, nkhani yatha. Ine ndidinde ndi mtima umodzi."

Mkuluyo anapukusa mutu. "Ndili ndi mwana wamkazi ku Thessaloniki. Amandikonda, ndipo akufuna manda oti azikathirira maluwa Lamlungu lililonse. Mzere umenewo ukakhalapo, adzangoimba foni imodzi. Kampani ija imagwira ntchito bwino kwambiri, masiku atatu ndili m'bokosi pa ndege. Ukapanda kukhalapo, adzayenera kuima kaye n'kuganiza, ndipo akaganiza adzakumbukira zimene ndinamupempha. Ndikumudziwa mwana wanga."

"Wavomera?"

"Ayi."

"Ndiye tsiku limenelo adzabwera mu ofesi mwanga."

"Akhoza kubwera. Adzakalipa, mwina adzalembera akuluakulu anu. Sindikunamizani, Ustaza. Ndakunamizani kokwanira."

Apa Tahani anakhala pansi, pa mwala wa munthu wina wosamudziwa. Ankaliona kale tsikulo. Mzungu wolira pakhomo, a ku ofesi ya kazembe pa foni, Dokotala Hoda akutembenuza fomu yachikasu ngati akuiona koyamba, pakuti adzakhala akuionadi koyamba. Anadinda ndani? Miyezi isanu si yambiri, koma maso a mkuluyu ankaoneka kuti mwina sadikira miyezi isanu. Ndipo ngakhale atadikira, fayilo imalondola munthu mpaka kunyumba.

"Malo amenewa muli ndi umboni kuti ndi anu?" anafunsa mwaukali, kuti asamveke kufewa.

Mkuluyo anapisa m'thumba lam'kati n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Linali la bungwe la Agiriki a mumzinda muno, losamalira mandawo, lotsimikiza kuti malo otsalawo ndi a mwana wa malemu. Tahani analitambasula. Linali lokwinyika, lothimbirira m'mapindo, pakona pali bwalo la tambula ya khofi. Dzina m'Chiarabu analilemba kuti Batrakis, chilembo china n'kuchifuta ndi cholembera. Analiyang'ana padzuwa mwa chizolowezi chabe, chifukwa anali atadziwa kale.

"Bwerani Lamlungu," anatero akumubwezera. "Limeneli mubwere nalo. Sindinalonjeze kanthu."

"Ndamva."

"Ndipo musamaime m'misewu n'kumaloza mazenera a anthu. Mudzaphetsa munthu ndi mtima."

Loweruka Tahani anachita zonse zimene munthu amachita pothawa kuganiza. Anachapanso zovala zimene anazisiya m'beseni, anakwecha mapoto oyera kale, anakangana ndi wogulitsa nsomba popanda chifukwa. Anayesa kudziuza kuti lamulo ndi lamulo, ndipo amene analilemba sanali wopusa: mlendo akafera kwa eni, abale ake amafuna thupi. Anadziuzanso kuti nkhani yomvetsa chisoni ndi imene akuba amaikonda. Koma pepala lija linali ndi bwalo la khofi.

Chakumasana, akupukuta fumbi, anaima pa chitseko cha chipinda chogona. Pa mphuthu yake panali timizere ta pensulo, tokwera pang'onopang'ono mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu, pambali pake tizilembo tachigiriki. Bambo ake popaka penti ankapalambalala pamenepo, amati si bwino kufuta msinkhu wa mwana wa eni. Sanali Manolis ameneyo, anali mwana wina, wa banja lina. Timizereto tinalekera pamene tinalekerapo. Tahani anatiyang'ana zaka zonsezi osadzifunsa kuti mwanayo anakakulira kuti, ndipo tsiku limenelo anachita manyazi.

Lamlungu mkuluyo anafika ofesi isanatsegulidwe, n'kudikira pabenchi, ambulera ili pamiyendo. Tahani anamudutsa osamupatsa moni wambiri. Anavula jekete, anapukuta desiki, anatulutsa chidindo m'kabati n'kuchiika pambali, patali ndi fomu. Ramzi ankayang'ana uku ndi uku ngati munthu woonera mpira.

"Lowani, a Pulofesa," anatero Tahani m'Chiarabu.

"Talowa," anayankha mkuluyo.

Ramzi anagwira pamutu. "Aa! Tsopano achuluka. Ndizingidwa ndi makamu."

"Iwe thira tiyi. Ndipo uike m'kapu ya chogwirira." Tahani anakankhira fomu yachikasu kutsogolo, cholembera pamwamba pake. "Fomu yosadzaza sindilandira. Mzere uwu. M'Chiarabu."

"Ustaza, sindinalembe Chiarabu chichokereni."

"Nthawi ilipo mpaka masana."

Mkuluyo anavala magalasi, n'kuwerama. Munthu wolemba mabuku asanu ndi limodzi anagwira cholembera ngati chikumuthawa, lilime litatuluka pang'ono pakona ya mlomo. Zilembo zinatuluka zazikulu, zonenepa, zokwera phiri, madontho akuikidwa pomalizira mmodzimmodzi. Linali dzanja la mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Atamaliza anakhala akuyang'ana dzina la mzindawo, ndipo Tahani anatembenukira kuzenera kuti amupatse mpata wopukuta magalasi.

Kenako anatenga fomuyo. Anamata kumbuyo kwake pepala la manda lija. Pa mzere wa chifukwa anadula mawu aja akuti "Zanga" ndi mzere umodzi woongoka, n'kusaina pambali pake kuti aliyense adzadziwe amene anadula. Anaganiza pang'ono, n'kulemba ndi dzanja lake la mu ofesi, looneka bwino lija: Palibe kotumiza. Munthuyu ali kale kwawo.

Ramzi anawerenga ali chiimire kumbuyo kwake, kapu ili m'manja. Nthabwala zinamuthera.

"Ustaza," ananong'ona, "mwatsala ndi miyezi isanu. Dokotala Hoda akawerenga zimenezi?"

"Awerenge. Kamodzi m'moyo sikangawaphe."

"Nanga zikadzavuta? Adzafunsa kuti anadinda ndani."

"Udzawauze kuti tinadinda ife."

Anauzira mpweya pa chidindo monga ankachitira nthawi zonse, ngakhale inki inali yokwanira, n'kuchimenya. Chinamveka mpaka pakhonde. Mantha anali akadalipo ndithu, ndipo sanawabise.

Mkuluyo anaimirira. Anangoika dzanja pachifuwa. Tahani anamuuza kuti amwe tiyi wake asanazizire, ndiponso kuti m'zitsimemo asamatsike yekha, chifukwa iye za anthu ogwera m'maenje anatopa nazo.

Kalata itapita ndipo mkuluyo atatuluka, Tahani ananyamula fayilo kupita nayo ku kabati yachitsulo ya pakona. Anakoka dirowa n'kuima. Pa dirowapo panali kapepala kamene iye mwini analemba zaka makumi atatu zapitazo: ALENDO. Anayang'ana ya pansi pake, ALENDO, ya pansinso, chimodzimodzi. Mu ofesi monsemo munalibe dirowa ya mtundu wina.

Anaikankha n'kuitseka. Anabwerera pa desiki yake, n'kutsegula dirowa yam'munsi, mmene ankasungamo masilipasi, mankhwala a chifuwa ndi chithunzi cha makolo ake, n'kuika fayiloyo mmenemo.